Buku la sayansi la giredi 5, mawu ali bwino koma zithunzi musamusiyire mwana yekha

Buku ili ndinagula pa shopu ina ya mabuku ku Cairo Road mu Lusaka, ndi la mwana wa achemwali anga yemwe ndimakhala naye kuno ku Chawama. Tadutsa nalo temu yonse ndiye ndati ndikuuzeniko makolo anzanga. Pepala lake ndi lolimba, chikuto sichinang'ambike olo limagona mchikwama limodzi ndi botolo la madzi, ziganizo ndi zazifupi mwana amawerenga yekha. Pamenepo ndilibe chodandaula.

Nkhani ili pa zithunzi. Pa mutu wa matenda anajambula kachilombo ka kolera, kobiriwira kopindika ngati nthochi, kamchira kumbuyo, kutalika ngati chala changa, ndiye pambali pake kapu ya madzi yochepa kuposa kachilomboko, osalembapo olo mawu amodzi kuti akakulitsa ndi maikulosikopu. Tsiku lina mtsikanayu anasuzumira mu ndowa nkumati mayi aang'ono mukuthiriranji klorini, madziwa ndi oyera mulibe kanthu. Mtima unandiwawa, ife tinaona Januwale wa 2024 masukulu atatsekedwa mpaka Febuluwale chifukwa cha kolera, odwala akugonekedwa ku bwalo la mpira la Heroes Stadium, ndiye mwana atseke buku akukhulupirira kuti kolera umaiona ndi maso?

Chithunzi cha mtima nachonso, mitsempha ina yofiira ina ya buluu. Iye anandionetsa pa dzanja lake kuti onani magazi a buluu awa. Ojambula amangogwiritsa ntchito buluu posonyeza magazi omwe ali ndi okosijeni wochepa, magaziwo ndi ofiira ndithu kungoti oderako, koma ndani anamuuza?

Ena amati ana athu mitu ndi youma pa zithunzi, ine ndimakana. A Robert Serpell a ku yunivesite ya Zambia (UNZA) anatulutsa kafukufuku mu 1979, ana a ku Zambia ndi a ku England anapatsidwa zinthu zoti atsanzire kaonekedwe kake. Pa pensulo ndi pepala a ku England anapambana, pa kupinda mawaya athu anawasiya kutali, pa dongo anafanana. Mwana amene amapanga galimoto ya mawaya maso ali nawo, kungoti kuwerenga chithunzi cha pa pepala nakonso nkophunzira ngati a e i o u, ndipo chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi anadzadza moti aphunzitsi sangafike pa desiki iliyonse kufunsa kuti ukuona chani apa.

Zabwino ziliponso. Foto ya udzudzu uli pa mkono wa munthu anaimva pompo chifukwa mkonowo umasonyeza kukula kwake. Za kumera kwa nyemba anachita kukadzala yake mchitini cha phwetekere kuti ayerekeze.

Ma fotokope otchipa a mumsewu aja musagule, ndi akuda ndi oyera basi, funso likuti tsatirani mivi yofiira pomwe mivi yonse ndi yakuda.

Ine ndinatenga pensulo nkulemba pansi pa kachilombo kaja kuti sikaoneka ndi maso. La giredi 6 ndikagula ndithu, koma ndikayamba ndatsegula mutu wa matenda ndili mushopu momwemo.