Ndemanga: pampu ya magetsi ya Facet 40105 pa injini ya kabuleta

Pampu ya petuloyi yagwira ntchito pa mabaki a Nissan 1400 ndi pa Hilux zakale za injini ya 3Y ndi 4Y, dzinja ndi chilimwe chomwe, ndipo ndi yoyenera ndalama zake. Ndi kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja, kamawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Mkati mulibe diaphragm, kalabala kopopera petulo kamene kamakhala mu pampu ya pa injini, yoti ing'ambike. Muli kachitsulo kamene maginito amakakokera uku sipuling'i n'kukabweza, ndipo ndi kameneka kamalira kuti tik-tik-tik pampu ikamagwira. Koma ubwino wake umaoneka pokhapokha mwasankha nambala yoyenera ndi kuyiika pamalo oyenera. Mapampu ambiri amene anthu amawanena kuti ndi achabechabe anangowaika molakwika.

Musanagule, tsimikizani kaye kuti yafadi ndi pampu yakale. Solani chitsulo choyezera oyilo n'kuchinunkhiza. Oyilo akamanunkha petulo, ali wamadzimadzi, kapena akuchuluka yekha popanda womuthira, nthawi zambiri ndiye kuti diaphragm ya pampu ya pa injini yang'ambika ndipo petulo akutsikira m'sampu. Pamenepo oyilo ndi fyuluta yake zisinthidwe tsiku lomwelo, chifukwa oyilo wosakanikirana ndi petulo amadyetsa ma bearing. Ngati galimoto imangozima ikatentha, pachitunda kapena pamzere wautali wa magalimoto, n'kudzaliranso ikazizira, nthawi zambiri petulo amakhala akuwira m'paipi pafupi ndi injini. Oyendetsa za ku Chikwawa ndi ku Nsanje amalidziwa vutoli mu Okutobala. Pampu ya pa injini imalephera kukoka nthunzi, pamene ya magetsi yokhala kumbuyo imakankha petulo wozizira kuchokera ku thanki, ndipo vutolo limachepa kwambiri.

Nkhani yaikulu pogula ndi pulesha. Kabuleta ili ndi kambale kamene petulo amadzazamo, ndipo kakadzaza float imakwera n'kutseka ndi needle, kansonga kakang'ono zedi. Mphamvu ya float ndi yochepa. Makabuleta a Hitachi ndi Aisan a pa galimoto zimenezi amakhala bwino pa 3 mpaka 4 psi (muyeso wa pulesha), ndipo kabuleta ya Weber 32/36 imafuna pafupifupi 3 psi. Facet 40105 imapereka 3 mpaka 4.5 psi, choncho pa kabuleta yobwera ndi galimoto nthawi zambiri siyifuna regulator, kachipangizo kotsitsira pulesha. Mnzake wa nambala 40106 amafika 7 psi. Maonekedwe ndi amodzimodzi, kusiyana kuli pa nambala yokha, ndiye werengani nambalayo pa pampu penipeni, osati pa bokosi pokha.

Ogulitsa ena amakupatsani pampu ya galimoto za injection akuti "iyi ndiye yamphamvu". Musalole. Imeneyo imakankha cha m'ma 3 bar, kupitirira 40 psi, kuwirikiza kakhumi zimene needle ingatseke. Petulo amasefukira m'kamwa mwa kabuleta, utsi umatuluka wakuda bii, mapulagi amada, petulo amatsuka oyilo wa m'masilinda, ndipo wina amadonthera pa manifodi yotentha. Galimoto zambiri zakale zapsa motero.

Za kuchuluka kwa petulo musade nkhawa. Opanga amati imatulutsa magaloni 30 pa ola, omwe ndi malita oposa 110, ikamapopa popanda chotchinga. Injini ya 1400 ngakhale mutaiponda mpaka pansi imamwa pafupifupi malita 20 pa ola. Kwa injini za masilinda anayi ndi yokwanira kwabasi, koma kwa V8 yaikulu funani ina.

Tsopano malo oyiikapo, pomwe amisiri ambiri amalakwitsa. Pampu ya magetsi imadziwa kukankha, kukoka siyidziwa kwenikweni. Kuyimangirira m'boneti pafupi ndi kabuleta n'kosavuta, inde, koma imavutika kukoka petulo paipi yonse kuchokera kumbuyo, imapsa ndi kutentha kwa injini, ndipo vuto la petulo wowira limabwereranso. Malo ake ndi pa chasisi, pafupi ndi thanki, molingana ndi pansi pa thanki kapena kutsikirapo pang'ono. Ikakwera, isapitirire masentimita 30 kuchokera pansi pa thanki. Ipendeketseni cha m'ma 45 digiri, kotulukira petulo kuloze m'mwamba, kuti mpweya usatsalire mkati. Ikhale kutali ndi ekizozi, komanso mbali ya chasisi yomwe miyala ya tayala siyifika. Pa misewu yathu yafumbi, kachitsulo kotchinga kutsogolo kwake n'kofunika. Pansi pa mabawuti ake awiri ikani timalabala, apo ayi kulira kwake kumamveka m'galimoto monse ngati wina akugogoda.

Pakati pa thanki ndi pampu payenera kukhala sefa. Opanga amanena ya ma micron 74, ndiye kuti yosefa zinyalala zikuluzikulu popanda kutsamwitsa pampu. Thanki ya galimoto ya zaka 30 siyilephera kukhala ndi dzimbiri, ndipo petulo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa amabwera ndi mchenga ndi madzi. Kanyenyeswa kamodzi kakakhala pa valavu ya mkati, pampu imalira mofulumira osaleka koma petulo osafika. Sefa yoonekera mkati ndi yabwino chifukwa mumaona nokha ikada. Ngati sefa yatsopano yadzaza dzimbiri m'sabata imodzi, tsitsani thanki mukaitsuke, kusintha masefa sikuthetsa kanthu.

Mapaipi alabala asinthidwe onse. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo labala yakale kapena yotchipa imauma, kung'aluka, ngakhale kunyenyeka mkati. Funani paipi yolembedwa SAE J30R9, ikasowa ndiye J30R7. Ya pulasitiki yoonekera mkati ija si ya galimoto. Yezani paipi yachitsulo ya galimoto yanu musanapite kusitolo, chifukwa zina ndi za mamilimita 6, zina 8. Mabowo a pampu ali ndi mazinga a 1/8 NPT, ndipo timilomo tolowetsamo nthawi zina timagulidwa patokha. Pomanga, gwirani mutu wa pampu ndi sipanala ina kuti musapotokole zamkati. Tepi yoyera ya mapulambala ipeweni, tizidutswa take timathera mu valavu kapena pa needle. Pakani mankhwala omatira mazinga osasungunuka ndi petulo, pang'ono chabe, kusiya mzinga woyamba.

Magetsi ake ndi ochepa, osafika ma amp 2, koma musabe moto pa waya wa coil. Chotsani kaye waya wa negative pa batire. Tengani relay (switch yoyatsidwa ndi magetsi) ya mapini anayi: pini 30 ipite ku batire kudzera pa fyuzi ya ma amp 5 yoikidwa pafupi ndi batire, 87 ipite ku waya wofiira wa pampu, 85 ku bodi, 86 ndiye yolandira chizindikiro choyatsira. Waya wa 1.5 mm² ndi wokwanira. Waya wakuda wa pampu umangidwe pa chasisi pamalo opalidwa mpaka chitsulo chiwale, makamaka ngati mwaika timalabala tija.

Pini 86 ija ndi imene imasiyanitsa ntchito yabwino ndi yoopsa. Mukailumikiza ku kiyi basi, pampu imapopa nthawi yonse imene kiyi ali pa ON. Pa ngozi, injini yazima, paipi yaduka, woyendetsa wakomoka, pampu imapitiriza kuthira petulo pansi, malita awiri pa mphindi. Pampu yakale inkaima injini ikaima, ndiye yatsopanoyi iyenera kuphunzitsidwa zomwezo. Njira yake ndi switch ya pulesha ya oyilo ya mapini atatu, olembedwa P, S ndi I, yoikidwa pa cholumikizira chooneka ngati T pamodzi ndi switch ya nyale ya oyilo. S imalandira moto kuchokera ku sitata pamene mukuliza, I imachokera ku kiyi, P imapita ku pini 86. Injini ikazima pulesha ya oyilo imagwa ndipo pampu imaima. Switch imeneyi siyibwera m'bokosi, ndipo ndi chinthu chokha chomwe tikanakonda chikanabwera pamodzi ndi pampu, chifukwa ambiri amaidumpha.  

Pampu yakale musaisiye pa mzere. Petulo wokankhidwa kudutsa pa diaphragm yong'ambika amadzaza sampu mofulumira kuposa kale. Ichotseni, tsekani bowolo ndi kachitsulo kafulati ndi gasiketi yatsopano. Ngati inali ya milomo itatu, umodzi ndi wobweza petulo ku thanki. Paipi yobwezayo ikasiyidwa yotsegula pa T popanda chochepetsa, pulesha yonse imathawira ku thanki ndipo injini imafa ndi njala pachitunda. Itsekeni bwino, kapena gwiritsani sefa ya milomo itatu yokhala ndi kabowo kakang'ono kobwezera.

Poyesa, chitirani panja, injini itazizira, chozimira moto chili pafupi. Zulani paipi pa kabuleta, ilowetseni m'botolo, patsani pampu moto masekondi 30. Theka la lita kapena kuposa ndiye kuti zili bwino. Bwezerani paipi, lizani injini, yang'anani polumikiza paliponse ndi m'kamwa mwa kabuleta. Pakamadontha petulo pa 4 psi, vuto ndi needle yotha kapena float yomwa petulo, osati pampu. Galimoto ikamazima mutayenda makilomita angapo ndipo chivundikiro cha thanki chikuti fyuu pochitsegula, thanki siyikupuma, tsegulani kabowo ka mpweya.

Zonamizira zake zilipo zambiri pamsika, zofanana maonekedwe koma zopanda nambala yomveka, ndipo pulesha yake siyidziwika mpaka mutayeza. Mukakayika, ikani geji ya 0 mpaka 15 psi pafupi ndi kabuleta musanalipire mmisiri. Pa Weber, geji ikaonetsa kupitirira 3.5 psi, onjezerani regulator yaing'ono pakati pa pampu ndi kabuleta n'kuitsitsa kufika pa 3.