Zolpidem pa ndege ya usiku yopita ku Guangzhou

Mankhwala a tulo otchedwa zolpidem amagwira ntchito, ndiyambe ndanena zimenezo. Ena mumawadziwa ndi mayina a pa bokosi, Stilnox kapena Ambien. Ine ndili ndi shopu ya nsalu ndi nsapato pa boma pano pa Dedza, ndipo katundu ndimakaoda ndekha ku Guangzhou, ku China. Pa bedi ndimagona bwinobwino, koma mukandikhazika pa mpando, diso limakhala gwa mpaka kucha.

Ulendo wake ndi wautali. Umanyamuka m'mawa, kudutsa pa Linthipe ndi pa Nathenje mpaka ku Lumbadzi, kukwera ya Ethiopian yopita ku Addis Ababa, kenako ya usiku yomwe imakhala m'mwamba maola ngati 10. Ndinkafika mutu uli waukulu, mawa lake n'kumakanenerera mitengo ndi anthu ogona mokwanira.

Si mankhwala ongogula ngati panado. Amafuna kalata ya dokotala, ndipo adokotala anga asanalembe adandifunsa zambiri: ngati ndimamwa mowa, ngati ndimaliza mkonono mpaka kubanika, ngati ndili woyembekezera, komanso mankhwala ena omwe ndimamwa. Adandilembera 5 mg, osati 10 mg. Chifukwa chake n'choti mankhwalawa amachedwa kutha m'thupi la munthu wamkazi, ndipo mu 2013 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, lidatsitsa mlingo wa amayi kufika pa 5 mg. Adandiuzanso kuti ndikayambe ndawayesa kunyumba, pa bedi langa, ndisanapite nawo m'mwamba.

Ndimamwa ndege ikanyamuka ndi kukhazikika, osati ili pansi. Ndege itha kuchedwa, mwinanso kukutsitsani, ndiye muziyenda bwanji pa bwalo la ndege la Bole ku Addis miyendo ili lende? Mphindi 30 sizikwana, tulo tafika. Mukakhuta kwambiri amachedwa kugwira, choncho chakudya cha usikucho ndimangolawa. Vinyo amene amagawa uja musayerekeze n'komwe, pakuti mowa ndi mankhwalawa zikakumana munthu amafooka mpaka kapumidwe.

Tsono tulo take si tokoma ngati ta kunyumba. Umangozima, n'kudzidzimuka papita maola angapo, khosi litapindika, kukamwa kuli gwa. Ndikadzuka kupita kuchimbudzi ndimachita kugwirira mipando. Kapepala ka m'bokosi kamanena kuti munthu akhale ndi maola 7 kapena 8 ogona akamwa, ndiye pa kaulendo ka Lilongwe mpaka Addis, ka maola ngati 4, palibe chifukwa chowakhudzira.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi miyendo. Munthu wogona ndi mankhwala satembenuka, amangokhala phwii ngati thumba la kachewere pa Bembeke, ndipo kukhala malo amodzi nthawi yaitali ndi kumene kumachititsa kuti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Ine mapazi amatupa mpaka nsapato kukana. Ndimavala sokosi zothina zija, ndimamwa madzi ambiri, ndipo ndimayendayenda ndisanamwe mankhwala komanso ndikangodzuka. Mpando ndimasankha wa pa windo kuti anzanga asamavutike kundidumpha. Amene mudadwalapo matenda a kuundana kwa magazi, kapena mwachitidwa opaleshoni posachedwa, muwauze adokotala poyambirira penipeni.

Palinso nkhani ya ndalama, yomwe kapepala kaja sikatchula koma ife a geni timaidziwa. Uli ndi madola oodera katundu, ndiye ugone osamva ngakhale munthu akukugwedeza? Anga ndimamangirira m'chiuno mkati mwa zovala, pasipoti momwemo. Ndikakhala ndekha wopanda mnzanga pambali, nthawi zina ndimalolera kuchezera.

Mu 2019 FDA idalamula chenjezo lamphamvu pa mankhwalawa chifukwa anthu ena amayenda kapena kuyendetsa galimoto ali m'tulo, osakumbuka kanthu kukacha. Ine sizinandichitikire, koma zikakuchitikirani kamodzi kokha muyenera kuwasiyiratu.

Musaganizenso kuti akonza kusokonekera kwa nthawi. China ili patsogolo pathu ndi maola 6, ndiye kumeneko ikamakwana 12 koloko usiku thupi lako limati ndi 6 koloko madzulo, nthawi yotereka ya nsima. Zimenezo zimatha zokha pakapita masiku. Kumwa usiku uliwonse kuti uthane nazo ndiye kuyamba chizolowezi chovuta kusiya.

Mnzanga wina wa ku Lizulu adandipempha kam'bulu kamodzi tili pa mzere wokwerera. Ndidati, “Pepani asisi, awa adayeza ine.” Adanyanyala mpaka ku China.

Popita ndimamwa, pobwerera ayi, chifukwa kutsogolo kumakhala kuwerenga makatoni ndi msewu wa M1. Mankhwalawa anyamuleni m'bokosi lake pamodzi ndi kalata ya dokotala, ochepa okwanira ulendowo. Amene mumadzera ku Dubai, fufuzani malamulo awo musananyamuke, chifukwa kumeneko nkhani ya mankhwala ogonetsa saitenga mwachibwana.