Nkhwazi ili m'malere: 1/2000 kapena 1/125?

Loweruka tinakwera boti kukajambula nkhwazi ku Namalenje, kachilumba kaja kamaoneka ukaima pa Senga Bay, ine ndi mnzanga wina, tonse makamera a malenzi a 300mm, aja okokera zakutali. Tinadikira madzulo dala, paja m'mawa dzuwa limatulukira kunyanja komweko nde mbalame imangotuluka bii. Mwini boti anaimba likhweru, kuponya kansomba m'madzi, nkhwazi iyo yatsika. Mbalame imodzimodziyo koma zithunzi zake ngati tinapita masiku osiyana.

Ine shutter, ija imatsegula nkutseka kuti kuwala kulowe mu kamera, ndinaika yothamanga, pa 1/2000 ya sekondi. Zonse zaima nji, nthenga za kunsonga kwa phiko zatambasuka ngati zala, madontho a madzi pansi pa zikhadabo mutha kuwawerenga, diso likuoneka bwinobwino. Vuto kunja kunayamba kuzirala nde ISO, ija imawalitsa chithunzi kuwala kukachepa, inakwera mpaka 1600, ukachikulitsa phiko lakudalo lili ndi timadontho ngati mwawazapo mchenga. Komanso ndisaname, mbalame yangayo ikuoneka ngati yochita kumata papepala, simungadziwe kuti imathamanga.

Mnzangayo amakonda zija zoitsatira mbalame ndi kamera uku ukutembenuka m'chiuno, shutter yochedwerapo, pa 1/125. Madzi kumbuyo asanduka mizeremizere, mapiko mbuu, chithunzi chikuthamanga ndithu, ndipo chake ndi chomwe anthu anachikonda titaonetsa, zinandiwawako pang'ono. Koma amwene taonani mutuwo. Diso palibepo, mlomo wachikasu uja wafufutika, chifukwa nkhwazi ikamatsikira nsomba siyenda mzere umodzi, imabwera chotsetsereka kenako nkuponya miyendo kutsogolo nkunyamuka, apo boti nalo likuvina ndi mwera, dzanja lingatsatire bwanji zonsezo? Khadi la kamera anadzadza koma zosunga anapezamo ziwiri basi.

China tinalakwitsa tonse. Mutu ndi chifuwa cha nkhwazi nzoyera mbee pomwe madzi anali akuda, kamera inawerenga madziwo nkuotcha mutu, nthenga zapamenepo sizikuoneka olo imodzi ndipo pa kompyuta sizibwerera. Tikanatsitsa exposure, kuwala kwa chithunzi chonse, pa -1 zikanapulumuka.

Kwa ine pa nkhwazi sinditsikanso pansi pa 1/2000, bola mchenga wa ISO kusiyana nkusowa diso. Ya 1/125 ija ndikaiyesa pa akakowa, aja amadutsa chowongoka m'mbali mwa gombe osapupuluma, nditaponda pamchenga osati m'boti.