Njinga yotsamira ndi yachishalo: yopitira kuntchito m'tauni ndi iti?

Ndili ndi njinga ziwiri zimene ndimasinthanitsa popita kuntchito. Ina ndi yachishalo, yodziwika kwa aliyense. Inayo ndi yotsamira, imene pa Chingerezi amati recumbent: umakhala pampando wotsamira, miyendo ili kutsogolo, n'kumapalasa ngati ukukankha khoma. Anzanga apanjinga amandifunsa kawirikawiri kuti yabwino ndi iti.

Kumbali ya thupi, yotsamira ilibe inzake. Kulemera kwako kumagona pamsana wonse, osati pakachishalo ndi m'manja. Dzanzi la m'zala ndi kuwawa kwa khosi, zimene ndinkafika nazo kuntchito, zinatheratu. Chokhacho n'chakuti msana umanyowa ndi thukuta, choncho mpando wa neti umaposa wolimba uja, ndipo malaya osinthira asamasowe m'chikwama.

Liwiro nalo ilinalo, chifukwa mphepo imapeza thupi lochepa loti ilimbane nalo. Mu 1933, ku Paris, Francis Faure anapalasa makilomita 45 pa ola limodzi panjinga yotsamira yopangidwa ndi Charles Mochet, n'kuposa onse amene anayesapo kale. Chaka chotsatira, 1934, bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, linaletsa njinga zotere pamipikisano yake. Koma liwiro limeneli limafuna msewu wautali wopanda choimitsa, ndipo m'tauni msewu wotero ndi wosowa.

Pamaloboti ndi pamene yachishalo imabwezera. Getsi lobiriwira likayaka, umaimirira pamapedulo, thupi lonse n'kukankha, wapita. Payotsamira kuimirira kulibe. Phazi limodzi limakhala m'mwamba papedulo, linalo pansi, ndipo ukaiwala kutsitsa giya usanaime, umanyamuka modzandira magalimoto ali kumbuyo kwako. Zimazolowereka, koma patapita masabata.

Ambiri amada nkhawa kuti madalaivala sangakuone poti uli pansi. Ine ndapeza zosiyana. Njingayi ndi yachilendo, anthu amaicheukira, ndipo ondipitirira amandisiyira mpata waukulu kuposa ndikakhala payachishalo. Ukaikapo kambendera ndi nyali yakumbuyo, nkhawa imachepa ndithu. Vuto lenileni ndi lakuti iweyo suona. Payachishalo maso amadutsa pamwamba pa magalimoto ang'onoang'ono, moti umaoneratu basi imene ikufuna kuima, kapena munthu amene akutulukira pakati pa magalimoto. Payotsamira maso ali pafupifupi mulingo umodzi ndi a dalaivala wa galimoto yaing'ono, kapena pansi pake. Pamphambano yobisika ndi galimoto yoimikidwa, mapazi ndi amene amayamba kutulukira mumsewu maso asanaone kanthu. Apa ndimaima ndithu, n'kudzuka pampando, n'kusuzumira. Kucheuka nakonso n'kovuta msana utagona pampando, motero galasi loonera kumbuyo ndimaliwerengera pamodzi ndi mabuleki: popanda ilo sindinyamuka.

Mumdipiti wa magalimoto, yachishalo imazemba m'timipata. Yotsamira yaifupi, imene tayala lakutsogolo lili pansi pa miyendo, ukakhota kwambiri chidendene chimagunda tayalalo. Yaitali ija imafuna bwalo kuti itembenuke. Ya matayala atatu sigwa ndipo pamaloboti sutsitsa phazi, koma kutambalala kwake kumakuika pamzere limodzi ndi magalimoto.

Maenje a mumsewu umawamva ndi msana wonse, poti sungadzuke kuti miyendo ilandire. Pachitunda umatsitsa giya n'kupalasa mofulumira, moleza mtima. Komabe ukagwira mabuleki mwadzidzidzi, sikawirikawiri kuponyedwa chamutu kudutsa mahandulo monga zimachitikira payachishalo, ndipo ukagwa umagwera pafupi. Ichi sindichichepetsa.

Ganiziraninso kumene mukaisiye. Kuikweza masitepe ndi ntchito, m'malo ambiri oimikamo njinga silowa bwino, ndipo tcheni chake n'chachitali kuposa matcheni awiri wamba.

Musanasankhe, werengani malo amene mumaima paulendo wanu. Ngati ulendowo ndi waufupi, wa maloboti ndi mphambano zothinana, khalani payachishalo. Ngati mbali yaikulu ndi msewu wotambasuka, kapena manja ndi khosi zikukuvutani, yesani yotsamira, koma ya mpando wokwera, osati zogona pansi zothamangira zija. Ine masiku odzera pakati pa tauni ndimatenga yachishalo. Masiku ena onse ndimazungulira njira yakunja, yaitaliko, payotsamira.