Emmarentia, Delta Park kapena Walkhaven: galu tikam'masulire kuti ku Joni kuno?

Kwathu galu sayendetsedwa, amadziyendera yekha, akadya mkute wake amakagona pansi pa nkhokwe basi. Ndiye tsiku lomwe abwana anandipatsa chingwe ndi timapepala tapulasitiki kuti galu akachita chimbudzi ndizitola, ndinaona ngati akundiyesa. Pano ndinazolowera, ndimayendetsa agalu awiri a pakhomo pomwe ndimagwira ntchito, wina Labrador wonenepa wofatsa ngati agogo, kenako ka beagle komwe mphuno ikangonunkhiza kanthu makutu amatsekeka, ungaitane mpaka mawu kusasa. Ambirife amene tili m'magadeni ndi m'manyumba cha ku Randburg kuno ntchito imeneyi imatigwera, ena mpaka ndi ganyu yawo ya pa wikendi, ndiye amwene tiyeni tikambirane za malo omasulirako galu.

Choyamba dziwani kuti mu mzinda muno galu akakhala pamalo a anthu onse amayenera kukhala pa chingwe, kupatula malo okhawo omwe analola, ndiye muziwerenga chikwangwani cha pa geti musanamasule, osangoti poti ena amasula.

Emmarentia ndi komwe ndimapita kwambiri. Kulowa ndi ulere, amayang'anira ndi a Johannesburg City Parks and Zoo. Koma musasokoneze, malowa ali mbali ziwiri. Kuli mbali ya Botanical Garden kwenikweni, kuja kuli maluwa a rozi komwe anthu amakajambulitsa zithunzi za ukwati, kumeneko si kwa agalu. Mbali ya agalu ndi ya kumtunda, komwe kuli kapinga wambiri, mitengo ya mthunzi ndi timadamu ting'onoting'ono. Damu lalikulu la pamalopa analimanga Louw Geldenhuys nkhondo ya Mabuno ndi Angerezi itatha mu 1902, n'kulitcha dzina la mkazi wake, ndipo lero mumapalasa anthu a mabwato a kalabu ya Dabulamanzi. Ubwino wa Emmarentia ndi woti agalu amakhala ambiri ndipo ambiri mwa iwo anazolowerana, galu wamanyazi amaphunzirako kucheza, komanso anthu sasowa ndiye sumayenda ndi mantha. Kuipa kwake ndi komweko, Loweruka ndi Sande m'mawa kumadzaza ngati msika wa Lizulu, ndipo pagulu chonchi sipalephera galu mmodzi wandewu yemwe mwini wake ali pa foni akungoti ayi saluma ameneyo. Labrador wathu akangoona madzi ndiye basi walowa, potuluka matope thupi lonse, ndipo amene akamusambitse ndi kupukuta mpando wa galimoto mukumudziwa kale.

Delta Park ndi yaikulu, mahekitala 104, pakati pa Blairgowrie, Victory Park ndi Craighall Park. Ambiri sadziwa kuti kale pamenepa panali poyeretsera zonyansa za m'masuweji a mzinda mpaka 1963, chinyumba chakale chija chili pakati ndi chotsalira cha nthawi imeneyo, pano ndi Delta Environmental Centre. Galu wamphamvu wofuna kuthamanga mpaka lilime kutuluka, Delta imaposa Emmarentia kutalitali, malo ndi otambasuka, mutha kuyenda ola lathunthu osabwereza njira, ndipo cha mu Malichi ndi Epulo maluwa a cosmos akamasula ngakhale iwe woyendetsa galu wa eni umamva kukoma. Koma Delta si ya agalu okha. Muli a njinga amene amatsika mwa liwiro m'mbali mwa mtsinje wa Braamfontein Spruit, muli okwera mahatchi, ndiye Loweruka 8 koloko m'mawa kuli parkrun, anthu chikhamu kuthamanga makilomita 5, paja parkrun yoyamba mu South Africa muno inayambira pompa mu 2011 ndi Bruce Fordyce uja wa mpikisano wothamanga wa Comrades. Nthawi imeneyo galu wokonda kuthamangitsa miyendo ya anthu musamumasule, dikirani 9 koloko idutse. Mulinso malo otetezera mbalame a Florence Bloom, kumeneko galu asayandikire.

Ku Delta komweku ndi komwe ka beagle kanandionetsa zakuda. Kanaona nkhanga, kanalowa m'udzu wautali, zii. Ndinazungulira pafupifupi ola ndi chingwe m'manja thukuta lili kamukamu, m'mutu ndikuwerengera kuti ndikawauza chiyani adona, ntchito ithera pompa, lendi ya mwezi uno ndilipira ndi chiyani, ana kumudzi fizi. Ndinakapeza kali kumtsinje kakununkhiza zake kopanda nkhawa olo pang'ono. Vuto silinali la paki, linali langa, chifukwa mbali ya kumtsinje njira imangopitirira osatha ndipo ndinkadziwa kuti kagaluka sikamva kuitana. Kuyambira tsiku limenelo ku Delta Labrador ndimam'masula, koma ka beagle kamayenda pa chingwe chachitali chija.

Nchifukwa chake Walkhaven ndimaipatsa ulemu ngakhale ili kutali komanso yolipira. Ili ku Muldersdrift, kunja kwa tauni, pa galimoto kuchokera ku Randburg ndi theka la ola kapena kuposerapo. Awa ndi malo a eni ake osati a khonsolo, anawapangira agalu basi, mahekitala 22 otchingidwa ndi mpanda kuzungulira, pakati pali damu losambira agalu, palinso podyera anthu. Mpanda umenewo ndiye nkhani yonse. Galu wothawathawa ngati wathuyu ndi malo okhawo omwe ndimam'masula mtima uli m'malo, athamange mmene angathere akathera pa waya. Kulibe a parkrun, aliyense amene walowa wabwera ndi galu kapena amakonda agalu, palibe wokuyang'ana ndi diso loipa galu akamununkhiza. Koma tinene zoona, kopanda galimoto sungafikeko, mu taxi ndi chigalu chonyowa sakukweza, ndiye kumeneku ndi kopita ndi mabwana pa wikendi osati koyendetsa galu tsiku ndi tsiku. Mtengo wolowera ndi masiku otsegula zimasintha, muziyamba mwaona pa tsamba lawo musanawotche petulo.

Ena awiri ndingowatchula mwachidule. James and Ethel Gray Park ku Birdhaven, pafupi ndi Melrose Arch, ndi yabwino kwa amene mumagwira ntchito cha ku Rosebank ndi Illovo, ukaima pamtunda tauni yonse imaoneka, koma msewu wa M1 uli pafupi ndiye galu wosamva ine sindingayerekeze. Golden Harvest ku Northwold, kufupi ndi Northgate, ndi yaphee, anthu ochepa, yabwino kwa galu wosakonda gulu, koma phee yemweyo ndi amene amandichititsa kuti ndisapiteko ndekha kukamada.

Tsono pali zina zomwe sizisankha paki. Nkhupakupa nthawi ya mvula zili paliponse pomwe pali udzu wautali, ku Delta ndi ku Walkhaven makamaka, ndipo zimapatsa agalu matenda aja amati biliary, galu amafooka, kusiya kudya, nkhama kuyera, mukaona choncho auzeni eni ake tsiku lomwelo apite kwa dokotala wa ziweto chifukwa amapha msanga. Mukafika kunyumba mupapaseni m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Katemera wa chiwewe kuno ndi lamulo, funsani ngati khadi lake lili bwino musanakam'sakanize ndi agalu ena. Mvula ikagwa yambiri musalole galu kumwa kapena kusambira mu Spruit, madzi a m'mitsinje ya mu Joni amabwera ndi zonyansa za m'mapaipi ophulika. Ndipo chilimwe masana mitambo ikangoda cha kum'mwera nyamukani, ziphaliwali za kuno si zocheza nazo, pansi pa mtengo ndiye posabisala n'komwe.

China chomwe chimandiseketsa ndi chisoso. Kumudzi ndi ndiwo, kuno amati blackjack ndipo ndi mdani, cha mu Epulo galu waubweya wambiri akalowa m'tchire la ku Delta amatuluka thupi lonse timinga takuda, ndiye umakhala pa sitepe madzulo onse ukuzula kamodzikamodzi uku ukuganiza kuti masamba akewa akanakhala anthete bwenzi titathyola totendera.

Mawa ndi Lachiwiri, 7 koloko ndikhala ndili mbali ya kumtunda ku Emmarentia, nthawi imeneyo kumakhala agalu ochepa odziwana. Mukaona munthu akukokana ndi ka beagle pa chingwe chachitali uku Labrador ali m'madzi, mundipatse moni wachichewa, ndipo ngati mwaiwala timapepala ndimayenda ndi tambiri m'thumba.