Akasinja a pa tebulo: mmene ndikuwaonera patapita miyezi tikusewera

Nditalemba koyamba za What a Tanker!, buku la malamulo a masewera a akasinja lomwe linatuluka ku England mu 2018, ndinali nditangolilawa chabe. Ndinati ndi losavuta kuphunzira, ndipo ndinalonjeza kudzanenanso tikalisewera mokwanira. Tinayamba nthawi yozizira ija ya Juni, lero mvula ili mkati, koma gulu lathu likukumanabe Loweruka masana pa khonde ku Katoto. Maganizo anga akhazikika tsopano. Masewerawa amakoma mukakhala anayi, asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense ndi kasinja wake mmodzi. Mukakhala awiri okha amazizira msanga.

Kwa amene simunawaonepo, kaseweredwe kake ndi aka. Ikafika nthawi yanu mumaponya madayisi 6. Nambala 1 ndi yoyendetsera kasinja, 2 ndi yomuonera mdani, 3 yolozera mzinga, 4 yowombera, 5 yolowetsera chipolopolo china, ndipo 6 mumaisandutsa chilichonse chimene mwasowa. Simungawombe munthu amene simunamuone, simungawombe musanaloze, komanso mzinga wopanda kanthu sulira.

Mkangano wathu waukulu unabadwira pomwepa. Malume amene amatibwereka khondelo ndi katswiri wa bawo, ndipo pa bawo munthu amawerenga njere zonse asanakweze dzanja. Tsiku lina kasinja wawo wa ku Soviet Union, T-34, anafika kumbuyo kwenikweni kwa Panzer IV wa ku Germany, mpata wake wosakwana chikhatho. Anaponya madayisi, panatuluka ma 1 atatu, ma 5 awiri ndi 2 mmodzi. Palibe 4, palibe 6. Anakankhira mpando kumbuyo nati, "Mphwanga, uku n'kutchova juga, si nzeru ayi." Ndinangoti, "Malume, tiyeni tipitirize kaye, tidzaone amene azipambana kawirikawiri."

Miyezi yayankha funso limenelo. Opambana ndi anthu omwewomwewo, ndipo malume ali m'gulu lawo. Kukanakhala kutchova juga bwenzi chipambano chikuzungulira khonde lonse. Luso lili pa zimene munthu amachita madayisi akamukana. Wodziwa akapeza ma 1 okhaokha amabwerera kuseri kwa nyumba, salimbana ndi mdani maso ndi maso. Satuluka poyera mzinga uli wopanda chipolopolo. Amadziwa nthawi yotsegula chitseko cha pamwamba kuti aone patali ndi nthawi yodzitsekera. Wongoyamba kumene amathamangira pakati pa tebulo n'kumadikira 4, ndipo ndi iye amayamba kupsa.

Chimene ndachikonda kwambiri n'chakuti madayisiwa amandikumbutsa kuti kasinja si munthu mmodzi. Mu T-34 woyamba uja, wa mzinga wa 76 mm, munkakhala anthu anayi, ndipo mkulu wawo ndi yemwenso ankawomba. Akaika diso pa mzinga ndiye kuti palibe woyang'ana mbali zina. Panzer IV ankanyamula asanu, mkulu wake ntchito yake inali kuyang'ana ndi kulamula basi. M'kati mwa chitsulo chotentha, muli phokoso la injini, utsi ndi fumbi, kumuona mdani inali ntchito payokha, yosiyana ndi kumuwomba. Malamulowa anazigawa choncho, ndipo nthawi ikamapita m'pamene ndikuona kuti anagawa bwino.

Kuvulala kwa kasinja ndi kumene kumagwira mtima. Chipolopolo chikamenya koma osamaliza, mumataya ena mwa madayisi anu. Kusewera ndi madayisi atatu anzanu ali ndi 6 n'kowawa, ndipo akatha onse asilikali anu amatuluka n'kuthawa. Kuvulala kwina kumakonzeka ndi 6. Ndiye taganizani: mwatsala ndi madayisi atatu, mdani mwamuloza kale, patuluka 6 mmodzi yekha. Mumugwiritse ntchito powomba kapena pokonza kasinja? Khonde lonse limakhala chete pamenepo, kenako aliyense amayamba kupereka malangizo ake. Sindinatope nayo mphindi imeneyi ngakhale kamodzi.

Pa za kusankha akasinja ndili ndi chenjezo. Anyamata onse ankafuna Tiger, n'zomveka, mzinga wake ndi wa 88 mm ndipo chitsulo cha kutsogolo n'chochindikala mamilimita 100. Tinamuikapo kulimbana ndi ma Sherman atatu a mzinga wa 75 mm. Wa Tiger ankangokhala pakona n'kumadikira, a Sherman akatopa kuzemba mmodzi amatulukira poyera, masewera n'kuthera pomwepo. Pa nkhondo yeniyeni Germany inapanga ma Tiger I osakwana 1,400 pamene America inapanga ma Sherman pafupifupi 50,000, choncho ifenso Tiger timamutulutsa mwa apo ndi apo. Masewera okoma ndi a akasinja a 1940 mpaka 1942, monga Panzer III, Crusader, Stuart ndi M13/40 wa ku Italy. Amenewa sathana ndi chipolopolo chimodzi kawirikawiri, ndiye anthu amazungulirana, kufunafuna nthiti za mnzawo.

Tebulo lopanda zobisalamo limapha masewerawa. Ife tinamanga nyumba za makatoni, mitengo ya siponji yobaya pa waya, ndipo udzu ndi utuchi wa paini womwe tinapempha kwa akalipentala n'kuunyika mu penti wobiriwira. Malamulo amayeza mtunda mu mainchesi, ndiye tepi ya telala imakwanira. Madayisi a Ludo a mumsika ndi omwewo, koma gulani ambiri, chifukwa kupatula 6 a munthu aliyense pamafunika mulu wina wowerengera mphamvu ya chipolopolo ndi ya chitsulo. Akasinja apulasitiki a sikelo ya 1/72 tili nawo ochepa, anabwera ndi mbale wathu wa ku Johannesburg. Ena onse ndi apepala, osindikiza n'kumata pa katoni.

Apepalawo chinyezi cha Mzuzu chinawayesa. Mvula itayamba mizinga inawerama, magudumu anafewa, guluu anayamba kusiya. Tinachotsa mizinga yapepala n'kuikamo waya, tinapaka vanishi kawiri, ndipo timawasunga mu ndowa yapulasitiki ya chivundikiro. Kuyambira pamenepo ali bwinobwino. Mapepala olembapo za kasinja aliyense tinawamatitsa pulasitiki. Buku lenilenilo sitilitsegulanso kwenikweni, malamulo analowa m'mutu.

Chimene chimatibweza Loweruka lililonse ndi kope lathu. Malamulo amalola kuti asilikali anu apitirire kuchoka pa nkhondo ina kupita pa ina, akawononga adani angapo amakwera n'kupatsidwa kasinja wabwinopo. Timalemba zonse mu kope la sukulu. Mtsikana wa Fomu 2 wa m'gulu lathu ndi amene ali patsogolo, ndipo amasewera mosamala kuposa tonse chifukwa safuna kutaya asilikali amene wayenda nawo kuyambira m'chisanu. Koma mukapitirira anthu asanu ndi atatu, kudikira kumatalika ndipo ana amayamba kugwira mafoni.

Pali chinthu chimodzi chimene masewerawa sangatipatse, ndipo kwa ife a kuno si chaching'ono. Mulibe asilikali oyenda pansi, ndi akasinja okhaokha. Mumzinda muno tili ndi Moyale Barracks, dzina lochokera ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, komwe asilikali a King's African Rifles (KAR) ochokera ku Nyasaland analimbana ndi Ataliyana mu Julayi 1940. Mwezi wotsatira anzawo ena anamenya nkhondo ku Tug Argan ku Somaliland, komwe Ataliyana anabwera ndi akasinja. Mu 1944 ena anali ku Burma. Agogo athu amenewa nkhondo anaimenya ndi mapazi, mfuti ili paphewa. Mnyamata wina atamva mbiriyi anandifunsa, "Achimwene, nanga agogo athuwo tiwaika pati pa tebuloli?" Tinayesa kupanga lamulo lathu, kabatani koimira gulu la asilikali obisala m'tchire, koma silinagwirizane ndi madayisi aja ndipo linkachedwetsa aliyense. Tinalisiya. Nkhondo ya KAR ikufuna malamulo ena, ndipo ndayamba kuwafufuza.

Ngati muli ndi anzanu atatu kapena anayi ndi tebulo lalikulu, bukuli ligulani, ndalama yake sipita pachabe. Ngati muli awiri okha, kapena mtima wanu uli pa asilikali oyenda pansi, funani lina. Ife mwezi wamawa tiyamba nkhondo za m'chipululu cha kumpoto kwa Africa, za 1942 ku El Alamein. Nsalu ya mtundu wa mchenga tagula kale, chatsala ndi kupanga timapiri ta makatoni, chifukwa m'chipululu mulibe nyumba zobisalamo.