AC yakale: kukonzetsa kapena kugula ya inverter?

Mu Okutobala ku Chikwawa, AC (makina oziziritsira m'nyumba) ikayamba kutulutsa mpweya wofunda usiku, mtima umathamangira kukagula ina. Dikirani kaye. Tsegulani chivundikiro, mutulutse sefa ija yadzaza fumbi, muitsuke, iume, muibwezeretse. Kawirikawiri vuto limakhala lomweli, kapena kapasita (kachipangizo kothandiza injini kuyaka) yapsa, ndipo mmisiri amaisintha tsiku lomwelo pa ndalama zochepa.

Nkhani imasintha ngati makinawo ali a gasi wa R22. Gasi ameneyu amawononga ozoni, mpweya wa kumwamba womwe umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo malinga ndi pangano la Montreal, mayiko ngati Malawi akuyenera kukhala atamusiya pafupifupi kotheratu pofika 2030. Akadontha, kumupeza kudzanka kuvutiravutira, ndipo simungangothiramo gasi wa makina atsopano, monga R410A kapena R32. Kompuresa (injini yopopa gasi) yakaleyonso imazima n'kuyaka ndi mphamvu zonse, mayunitsi n'kumatha mukuona.

Ya inverter imachepetsa liwiro chipinda chikazizira, siichita phokoso lambiri, ndipo imadya magetsi pang'ono. Koma ndi yodula, ndipo bolodi lake loyendetsa makinawo limapsa msanga magetsi akabwera mwamphamvu atazima, choncho muigulire chotetezera tsiku lomwelo. Ine kompuresa ya R22 ikafa, sindikonzetsanso ayi.